Kuika malire pa ntchito yosamalira odwala: malangizo kwa anamwino ndi odwazika matenda

Ambiri osamalira odwala amayamba kuika malire tsiku lomwe apsa mtima. Namwino amapirira miyezi, kenako tsiku lina n'kukalipira gadiyani pagulu. Mwana wamkazi amadwazika mayi ake chaka chathunthu ali yekha, kenako n'kulemba mawu owawa pa gulu la WhatsApp la kubanja, n'kutulukamo. Zikatero anthu samva vuto lake, amangomva mwano. Malire othandiza amaikidwa mtima uli m'malo, amanenedwa pakamwa momveka, ndipo amabwera ndi njira ina yoti wopemphayo atsate. Kwathu kuno "ayi" wopanda njira ina amamveka ngati nkhanza, ndipo wonenayo ndi amene amayamba kuchita manyazi n'kubwerera kukavomera.

Pali zina zomwe si malire. Kuchoka mu wodi musanapereke ripoti kwa wolowa m'malo mwanu ndi kutaya odwala, ngakhale nthawi yanu itakwana. Mayi amene akutaya magazi atabereka, mwana amene akukomoka, munthu amene akubanika, amenewa sadikira kuti mupume. Zomwe zili m'munsimu zikukhudza zopempha za tsiku ndi tsiku, zomwe zimadya mphamvu zanu mpaka zadzidzidzi zenizenizo n'kukupezani mulibe kanthu.

Foni

Nambala ya namwino imadziwika dera lonse. Ikwana 11 koloko usiku, foni ikulira: "A nesi, pepani takudzutsani, mwana watentha thupi." Mukatchula mankhwala pamenepo, mwathandiza mwana amene simunamuone, simunamuyeze malungo, komanso mwaphunzitsa banjalo kuti nambala yanu ndiye chipatala. Khalani ndi yankho limodzi loloweza pamtima, lomwe silisintha kaya waimba ndi ndani: "Pafoni sindingadziwe chomwe chikumuvuta. Ngati akukomoka, akusanza chilichonse, akukanika kuyamwa kapena kumwa, akupuma movutika, kapena walefuka osadzuka, nyamukani pompano. Ngati zimenezi palibe, apitirize kuyamwa ndi kumwa, m'mawa mulawire kukayezetsa." Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, palibe zodikira kucha. Yankho limeneli silitha mphindi imodzi ndipo ndi lolondola kuposa kulosera. Kwa okonda kufunsa zing'onozing'ono, alozereni ku Chipatala cha pa Foni kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo.

Mafoni ambiri amalowa ma SIM awiri, ndiye agaweni ntchito. Laini imodzi ikhale ya kuntchito ndi apabanja panu enieni, inayo ya anthu onse, ndipo imeneyi izizimitsidwa mukamagona. Pa WhatsApp chotsani tizizindikiro ta buluu tosonyeza kuti mwawerenga, chifukwa ndi timene timakukakamizani kuyankha nthawi yomweyo. Zithunzi za zidzolo, zilonda ndi mapepala a ku labu zomwe anthu amatumiza musamazimasulire. Odwala anu asakhale anzanu a pa Facebook, ndipo kujambula wodwala pafoni yanu, ngakhale mutabisa nkhope, ndi mlandu umene ungakufikitseni ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Chimodzimodzi chibwenzi ndi wodwala amene mukumuthandiza.

Masabata oyamba anthu adzang'ung'udza kuti mwayamba matama. Zimatha. Chimene chimawononga zonse ndi kulolera munthu mmodzi chifukwa ndi mlamu kapena mkulu wa mpingo, pakuti mbiri imafala kuti mukakakamizidwa mumalola.

Mankhwala, chinsinsi ndi ndalama

"Mungonditengerako LA, ndikumva ngati malungo." Pempho ili limabwera mwachibale, koma kutulutsa mankhwala a boma popanda wodwala kulembedwa ndi kuba, ndipo anthu amachotsedwa ntchito ndi kumangidwa nazo. Komanso LA amaperekedwa munthu akayezedwa n'kupezeka ndi malungo. Kumwa mongoganizira kumabisa matenda ena. Nenani kuti, "Mankhwala amawerengedwa ndipo amatuluka ndi dzina la wodwala. Bwerani ndi buku lanu la kuchipatala akuoneni." Ngati akufuna kudumpha mzere, auzeni nthawi yabwino yofikira, osati khomo la kuseri.

Nkhani ya chinsinsi ili ndi msampha umene ambiri saauona. Apongozi akufunsani ngati mtsikana wakutiwakuti amabwera kudzatenga ma ARV. Mukudziwa kuti sabwera, ndiye mwayankha kuti, "Ayi, ameneyo ali bwinobwino." Mawa akufunsani za wina amene amabweradi, inu n'kunena kuti za odwala simukamba. Mwaulula kale. Yankho liyenera kukhala limodzi kwa onse, odwala ndi osadwala: "Za amene ndamuona kapena sindinamuone kuchipatala sindinena, ngakhale za inu sindingauze munthu." Mawu omalizawo ndi amene amatseka nkhani, chifukwa wofunsayo amakumbukira kuti nayenso ali ndi zake.

Pa ndalama, dulani mlingo pamwezi wothandizira achibale ndipo muutchule malipiro akangolowa. Zikatha zatha. Wopanda mlingo amathera kwa katapila, ndipo ngongole ya katapila ndi imene imachititsa namwino kulandira lokamu (shifiti yowonjezera yolipidwa padera) iliyonse yomwe yapezeka, atatopa kale. Wodwala akasowa sopo, thiransipoti kapena mankhwala ogula, kam'fotokozereni mkulu wa wodi kapena a zachisamaliro cha anthu m'malo mopisa m'thumba nthawi zonse. Ndalama yoperekedwa chithandizo chisanachitike ikanidwe poyera, m'chipatala cha boma imeneyo ndi chiphuphu. Mphatso yothokoza pambuyo, monga nthochi kapena mtedza, ikafikire pa tebulo la wodi yonse.

Lokamu, nayiti ndi tulo

Apa m'pamene pagona nkhani. Kuchepa kwa anamwino si vuto lomwe munthu mmodzi angalithetse ndi thupi lake. Mwezi usanayambe, dziikireni kuti mulandira malokamu angati, ndipo muwalembe pa kalendala pamodzi ndi masiku a ofu. Lamulo lolimba likhale ili: palibe shifiti ya masana yotsatana ndi nayiti. Kafukufuku anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amaganiza ndi kugwira zinthu mochedwa ngati amene wamwako mowa. Wotereyo ndi amene akuwerengera mlingo wa mankhwala a mwana wa makilogalamu 6, kapena kutunga insulin. Pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha thupi limafuna tulo kwambiri, choncho mankhwala oopsa a nthawi imeneyo muziwerenga awiri, wina akutchula, wina akuona botolo.

Pokana, tchulani chifukwa mwachidule ndi tsiku lomwe mungathe: "Sisitala, ndachoka nayiti m'mawa uno, lero sindingabwererenso. Lachinayi masana ndilipo." Musawonjezere nkhani za maliro abodza kapena mwana wodwala, bodza limafuna lina mawa, ndipo limaphunzitsa akulu kuti kutopa pakokha si chifukwa chokwanira. Mukasiyidwa nokha ndi wodi yodzaza, gwirani ntchito koma lembani m'buku la ripoti: odwala angati, anamwino angati, mwadziwitsa ndani, nthawi yanji. Zolembazo zimakutetezani chinthu chikalakwika, ndipo ndi zimene a matroni kapena bungwe la anamwino la NONM angagwire pokambirana ndi akuluakulu. Madandaulo a pakhonde sasintha rosita.

Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposa. Wa nayiti sawapeza onse nthawi imodzi, ndiye amachita kulumikiza. Tsiku loyamba nayiti, gonani masana kwa ola limodzi ndi theka kapena awiri. Tiyi wamphamvu, khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu zikhale za theka loyamba la usiku. Mukamwa m'bandakucha, zimakhala zikugwirabe ntchito pamene mukufuna kugona, chifukwa zimatenga maola 6 kapena kuposa kuti zichepe m'thupi. Ngati muli awiri mu wodi, gwirizanani zosinthana kugona mphindi 20. Mukapitirira theka la ola mumadzuka mutu uli wolemera.

Mukafika kunyumba, idyani chopepuka, sambani, gonani. Kuchapa, kumsika ndi kubanki zidikire madzulo. M'nyumba ya malata mwezi wa October, pofika 12 koloko m'chipinda simugoneka, choncho maola a tulo enieni ndi a m'mawa, ndipo amene wayamba ndi kuchapa wawataya. Pachikani bulangete lakuda pazenera. Uzani a m'nyumba mawu awa: wochoka nayiti sali pa ofu, masana ake ndiwo usiku wake. Mlendo akagogoda, mwana ayankhe kuti, "Agona, achoka nayiti, adzuka 2 koloko." Tsiku lomaliza nayiti gonani maola atatu kapena anayi okha, kuti usiku tulo tibwere pa nthawi yake.

Diazepam, piriton kapena mowa si njira yopezera tulo. Zimagonetsa koma thupi silipuma bwino, ndipo diazepam amazolowereka msanga. Wochoka nayiti asayendetsenso galimoto kapena njinga yamoto mtunda wautali.

Thupi lanu pa shifiti

Anamwino ambiri amamwa madzi ochepa dala kuti asapite kuchimbudzi, n'kusunga mkodzo mpaka 2 koloko masana. Mapeto ake ndi mutu, chizungulire ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza. Tengani botolo la lita imodzi, lithe masana asanafike, mudzazenso. Mkodzo ukakhala wachikasu chodera, madzi achepa. Nthawi ya chakudya ikambidwe polandirana ripoti m'mawa, wakuti 12 koloko, wakuti hafu 12, chifukwa ikasiyidwa kuti "tiona mpata", mpatawo subwera. Nyamulani chodyeka ndi dzanja limodzi chomwe chimakhalitsa m'mimba: mbatata yophika, dzira, mtedza wokazinga, nthochi. Fanta ndi mandasi zimakukwezani ola limodzi n'kukugwetsani. Ndipo makina a BP amene mumayezera anthu tsiku lonse, muzidziyezera nanunso mwezi ndi mwezi. Ikamafika 140/90 mobwereza, kaonaneni ndi dokotala ngati wodwala wina aliyense, osati kungofunsa mnzanu pakhonde.

Msana umawonongeka ndi kunyamula wodwala uli wekha. Pindani nsalu ya pabedi kapena chitenje cholimba, muyale pansi pa wodwala kuchokera m'mapewa mpaka m'ntchafu. Anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, agwire nsaluyo pafupi ndi thupi la wodwala, miyendo yotangadza pang'ono, mawondo opinda, msana wowongoka, awerenge mpaka katatu n'kusuntha pamodzi. Potembenuka, sunthani mapazi, musapotoze chiuno mutanyamula. Wodwala asakukolowekeni m'khosi. Agwire m'mapewa kapena m'chiuno mwanu. Akayamba kugwa mukuyenda naye, musalimbane zomuimika, mutsetsereni pa mwendo wanu mpaka pansi mukuteteza mutu.

Mukabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, tsukani pomwepo ndi sopo ndi madzi oyenda. Musafinye, musayamwe, musathire JIK. Dziwitsani mkulu wa wodi nthawi yomweyo ndipo muyezedwe. PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, imayambidwa pasanathe maola 72, koma imagwira bwino ikayambidwa m'maola oyambirira, ndipo imamwedwa masiku 28 osadukiza. Chomwe chimalakwika n'chakuti munthu amachita manyazi, kapena amati amalize kaye shifiti, kapena ndi Loweruka adikire Lolemba. Apa kusiya wodi kwa mnzanu kwa kanthawi n'koyenera. Zambiri mwa ngozizi zimachitika pobwezera chivindikiro pa singano, choncho singano ipite molunjika m'bokosi lake. Katemera wa hepatitis B ndi wa maulendo atatu; amene sanamalize afunse.

Kwa odwazika matenda

Matenda akalowa m'banja, mtolo umagwera munthu mmodzi popanda kukambirana. Kawirikawiri ndi mkazi amene sali pa ntchito yolembedwa, kapena mtsikana amene akuti angojomba kusukulu "sabata ino yokha". Mwana wa sukulu asakhale gadiyani wamkulu. Amenewo ndi malire oyamba omwe akuluakulu ayenera kuika.

Itanitsani msonkhano wa banja sabata yoyamba, anthu akadali ndi chidwi, chifukwa pofika mwezi wachitatu mafoni amayamba kusayankhidwa. Lembani papepala ntchito zonse: kusambitsa, kuchapa, kuphika, kutunga madzi, kugona ndi wodwala usiku, kukatenga mankhwala. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina ndi tsiku. Amene ali ku Joni, ku UK kapena m'tauni asangoti "tithandiza". Atchule ndalama zingati ndi tsiku lanji la mwezi, zipite pa Airtel Money kapena Mpamba kwa msungi mmodzi, amene si wodwazikayo, ndipo azilemba m'kope. Wodwazika akakhalanso msungichuma, posachedwa amayamba kumunena kuti akudya ndalama za matenda.

Wodwala wosadzuka amafunika kutembenuzidwa maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene. Ndiye kuti munthu mmodzi sangachite usana ndi usiku womwe. Palibe amene ayenera kugona ndi wodwala wotere usiku woposa uwiri kapena utatu wotsatana, ndipo wodwazika wamkulu akhale ndi tsiku limodzi pa sabata lomwe achoka pakhomopo ndithu. Akangokhala panja pa nyumba adzamuitanabe.

Kuchipatala, gadiyani amagona pa chitenje pansi pa simenti pafupi ndi bedi, amaphikira ku malo a magadiyani, amathamangira mankhwala, ndipo mankhwala ake a BP, shuga kapena ma ARV wawaiwala kunyumba. Amenewo alowe m'chikwama choyamba, pamodzi ndi mphasa, chofunda ndi neti. Posinthana, wochoka auze wolowa zomwe adokotala ananena pozungulira, nthawi za mankhwala, ndi zomwe wodwala wadya. Kakope kakang'ono kamathandiza kuposa kukumbukira. Kusintha liwiro la dilipi, kuchotsa chubu kapena kupereka mankhwala achikuda mobisa si ntchito ya gadiyani, ngakhale achibale atakakamiza. Anene kuti, "Tifunse kaye a nesi."

Alendo odzazonda nawonso ndi ntchito: amafuna mpando, tiyi, nsima ndi kufotokozeredwa matenda kuyambira pachiyambi. Ikani nthawi, mwachitsanzo 3 mpaka 5 koloko madzulo, ndipo wina wamkulu m'banja ndiye alengeze, osati wodwazikayo. Amayi a Mvano, a Dorika kapena a ku mphakati akafunsa kuti athandize chiyani, musayankhe kuti "mapemphero basi". Tchulani chinthu: mitolo iwiri ya nkhuni, kuchapa Lachitatu, kukhala ndi wodwala maola atatu kuti inu mugone.

Pogwira magazi, mafinya kapena chimbudzi valani magolovesi. Akasowa, majumbo osabooka. Pamene padontha magazi, sakanizani kapu imodzi ya JIK wa 3.5 peresenti ndi makapu 6 a madzi, mukonze watsopano tsiku lililonse, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Ngati wodwala ali ndi TB, mazenera akhale otsegula, ndipo a m'nyumba onse akapimidwe, makamaka ana osakwana zaka 5.

Wodwala amene akubuula usiku wonse ndi ululu wa khansa amakhalitsa banja lonse maso, pamene thandizo lilipo. Funsani za kiliniki yochepetsa ululu pa chipatala cha boma chanu. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo. Morphine wakumwa, akaperekedwa pa mlingo ndi nthawi yake, amachepetsa ululu, ndipo sizitanthauza kuti madokotala ataya wodwalayo. Wodwala wa sitiroko kapena wokalamba amene mutu wayamba kuiwala amatha kutukwana kapena kukunamizirani kuba. Ndi matenda, koma simukakamizidwa kuimirira pomwepo: onetsetsani kuti sagwa, nenani kuti "Ndibweranso pakatha mphindi khumi," tulukani. Akamamenya, sambitsani muli awiri ndipo adziwitseni a chipatala.

Banja likalemba munthu wosamalira wodwala, likumbukire kuti lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndi mpumulo wa maola 24 munthu akagwira masiku 6 otsatana. Wogona m'nyumba momwemo sizitanthauza kuti ali pa ntchito usana ndi usiku.

Pamene kutopa kwapitirira

Mu 2019 bungwe la WHO linafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ndi zizindikiro zitatu: kutopa kosatha, kuyamba kudana ndi ntchito kapena kusaikanso mtima pa iyo, ndi kuona kuti zomwe ukuchita sizikuphula kanthu. Mu wodi zimaoneka chonchi: namwino amene kale ankadziwa odwala ndi maina ayamba kunena kuti "wa pa bedi 12", akalipira mayi amene ali pa matenda a uchembere, mwana akamwalira sakumvanso kanthu. Kwa wodwazika, ndi kuyamba kulakalaka kuti wodwala angopita, kenako n'kudziimba mlandu usiku wonse. Maganizo amenewa ndi ofala pakati pa otopa, ndipo akusonyeza kuti munthuyo akufunika womulandira, osati womudzudzula.

Imfa yovuta ikachitika mu wodi, khalani pansi mphindi khumi shifiti isanathe, aliyense anene zomwe waona ndi momwe akumvera. Kufufuza cholakwika kuli ndi msonkhano wake. Tchuthi cha pachaka chitengedwe, chisamaunjikidwe, ndipo chisathere pa lokamu ya ku chipatala china.

Pali pamene kupuma kokha sikukwanira. Ngati kwa masabata awiri mtima uli wosweka pafupifupi tsiku lililonse, zomwe munkakonda sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera; ngati mowa wayamba kukhala wa tsiku ndi tsiku, kapena dzanja layamba kupita ku mankhwala amphamvu ochepetsa ululu monga pethidine kapena tramadol wa mu kabati, pitani kwa namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma. Ngati mukuopa kuonedwa ndi anzanu a pa ntchito, pitani ku chipatala china. St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo.

Maganizo ofuna kudzipha safuna kudikira masabata awiriwo, ndi a tsiku lomwelo. Mnzanu akayamba kunena kuti "bola kungofa" kapena kugawa katundu wake, mufunseni mosazungulira: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala, tameki ndi zingwe pafupi naye, makiyi a kabati ya mankhwala asunge wina, ndipo mum'perekeze nokha kwa dokotala.